Zenera Loyenera Nyumba Yakale Silipezeka m'Sitolo

Munthu akagula nyumba ndi ndalama zake, nalipira zonse mpaka tambala yomaliza, timayembekeza kuti ali ndi ufulu wochita nayo chimene mtima wake wafuna. Akafuna kugwetsa khonde, agwetse. Akafuna kupaka utoto wofiira, apake. Koma ku England kuli nyumba zikwi mazanamazana zimene eni ake sangazule ngakhale zenera limodzi lowola popanda kupempha chilolezo ku khonsolo ya dera lawo. Munthu akalizula mwa yekha, naikapo lina logula kusitolo, wapalamula mlandu, ndipo lamulo limalola bwalo la milandu kumulipitsa chindapusa chopanda malire, kapenanso kumutsekera m'ndende mpaka zaka ziwiri. Mlendo akamva zimenezi amapukusa mutu, nanena kuti Angerezi ali ndi nthawi yotaya. Inenso nditangomva koyamba ndinaganiza chimodzimodzi.

Lero ndikuona mwina. Ndikukhulupirira kuti lamuloli lili ndi nzeru, ndipo ndiyesa kusonyeza chifukwa chake. Komatu ndikukhulupiriranso kuti lamulo lotere limayenda ndi miyendo iwiri: wina ndi cholembera cha mkulu wa ku khonsolo, wina ndi manja a mmisiri wa matabwa. Kumene mwendo wachiwiriwu wafota, lamulo limasanduka chikoti chokwapulira anthu osalakwa.

Tiyambe ndi kumene linachokera. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mabomba anaphwasula nyumba zambiri zakale m'mizinda ya ku Britain, ndipo anthu anazindikira kuti zotsalazo zikhoza kuthanso, osati ndi mabomba, koma ndi anthu ofuna kumanga zatsopano. Motero malamulo a 1944 ndi 1947 analamula boma kulemba kaundula wa nyumba zoyenera kutetezedwa. Lamulo limene likugwira ntchito ku England masiku ano ndi la 1990, ndipo bungwe loyang'anira kaundulayo kuyambira 2015 ndi Historic England. M'kaundulamo muli nyumba pafupifupi 380,000, zogawidwa m'magulu atatu: Grade I, Grade II* ndi Grade II. Wina angaganize kuti zonsezi ndi nyumba zachifumu ndi matchalitchi akuluakulu. Ayi ndithu. Zoposa zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zili m'gulu lotsiriza, ndipo zochuluka mwa zimenezi ndi nyumba wamba zogonamo anthu, timasitolo, nyumba za pamunda ndi masukulu. Kuwonjezera apo, lamulo la 1967 linakhazikitsa madera otetezedwa, kumene chotetezedwa si nyumba imodzi koma maonekedwe a msewu wonse. Dera loyamba linali m'tauni ya Stamford, ndipo tsopano madera otere alipo pafupifupi 10,000. M'madera amenewa khonsolo ili ndi mphamvu yochotsa ufulu umene mwini nyumba wamba amakhala nawo wosintha mazenera osafunsa munthu.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa n'chakuti cholakwa chochitidwa pa nyumba ya m'kaundula sichikalamba. Munthu akagula nyumba imene mwini wake wakale anaikamo mazenera osaloledwa zaka 20 zapitazo, khonsolo ikhoza kulamula wogulayo kuwachotsa ndi ndalama zake. Wagula nyumba, wagulanso mlandu.

Nanga n'chifukwa ninji zenera lokha lichititse mkangano wotere? Yankho lili m'mbiri ya zeneralo, ndipo pano ndipempha owerenga adekhe pang'ono, pakuti mbiriyi ndi yokoma.

Zenera lodziwika kwambiri m'nyumba zakale za ku England limatchedwa sash. Silitsekuka ngati chitseko, monga amachitira mazenera ambiri kuno kwathu. Lili ndi zigawo ziwiri, cham'mwamba ndi cham'munsi, zimene zimatsetsereka chokwera ndi chotsika. M'mbali mwa felemu muli kabokosi kobisika, momwe mumalendewera zitsulo zolemera zomangidwa ku zingwe zodutsa pa timagudumu. Kulemera kwa zitsulozo kumafanana ndi kulemera kwa chigawo cha zenera, kotero kuti mwana akhoza kulikweza ndi dzanja limodzi, ndipo limaima pomwe walisiya. Mazenera otere anayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ndipo ena mwa oyambirira ali m'nyumba ya Ham House, pafupi ndi London, ya m'ma 1670.

Poyamba felemu inkaikidwa molingana ndi nkhope ya khoma. Koma anthu a ku London sanaiwale moto waukulu wa 1666 umene unapsereza nyumba zoposa 13,000, choncho mu 1709 lamulo linati felemu izilowa m'kati mwa khoma ndi mainchi anayi, kuti moto usamalumphe msanga kuchoka pa zenera lina kupita pa linzake. Mu 1774 lamulo lina linati kabokosi ka zitsulo kaja kazibisika kuseri kwa njerwa. Matauni ena anatengera kamangidwe kameneka pang'onopang'ono. Ndiye kuti munthu wodziwa akaima mumsewu, nayang'ana mmene felemu yakhalira pakhoma, akhoza kunena zaka zimene nyumbayo inamangidwa asanatsegule buku lililonse.

Galasi nalonso lili ndi nkhani yake. Kale mmisiri ankatenga galasi losungunuka kunsonga kwa chitoliro, naliuzira mpweya, kenaka nalizunguza mwamphamvu mpaka litatambasuka ngati lichero lalikulu. Pa chozungulira chotere munthu sangadulepo chidutswa chachikulu. N'chifukwa chake mazenera a m'zaka za m'ma 1700 ali ndi timagalasi ting'onoting'ono, kawirikawiri tisanu ndi kamodzi pamwamba, tisanu ndi kamodzi pansi, togwiridwa ndi timitengo topyapyala topingasana, timene pano tizititcha timitanda. Boma linkadula msonkho pa galasi potsata kulemera kwake, motero opanga ankayesetsa kuti likhale lopyapyala. Panalinso msonkho wina, wa 1696, umene unkawerengedwa potsata kuchuluka kwa mazenera a nyumba, ndipo anthu ena anatseka mazenera awo ndi njerwa pothawa kulipira. Msonkho wa galasi unatha mu 1845, wa mazenera mu 1851, ndipo nthawi yomweyo mafakitale anali ataphunzira kupanga magalasi akuluakulu pamtengo wotsika. Timitanda tinayamba kuchepa. Koma galasi lalikulu ndi lolemera, ndipo popanda timitanda mfundo za pangodya zinkafooka. Amisiri tsono anatalikitsa matabwa a m'mbali kuti atuluke pang'ono ngati tinyanga, pofuna kulimbitsa mfundozo. Tinyanga timeneti ndi chizindikiro cha zenera la pambuyo pa zaka za m'ma 1840. Kuika zenera la tinyanga pa nyumba ya 1760 kuli ngati kujambula chithunzi cha mfumu ya makedzana itavala wotchi ya pamkono.

Galasi losalala kotheratu limene tikulidziwa ife linabwera mochedwa. Kampani ya Pilkington inalengeza mu 1959 njira yoyandamitsa galasi losungunuka pamwamba pa chitsulo chosungunuka chotchedwa tini. Galasi lakale lija lili ndi timafunde ndi tithovu, ndipo dzuwa likawomba, kagalasi kalikonse kamanyezimira mwa mtundu wake. Likasweka, palibe sitolo imene ingakubwezere lomwelo.

Apa ndiye pagona nzeru ya lamulo. Zenera lakale si chotchingira mphepo chabe. Ndi chiphaso cha kubadwa cha nyumba, cholembedwa m'matabwa ndi m'galasi. Wolizula wang'amba chiphasocho.

Ndipo ong'amba anabwera ambiri. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, makamaka m'ma 1980, amalonda anayenda khomo ndi khomo kugulitsa mazenera a pulasitiki otchedwa uPVC, okhala ndi magalasi awiri ophatikiza, nalonjeza kuti mwini nyumba sadzagwiranso burashi ya penti moyo wake wonse. Mu 2009 bungwe la English Heritage litafufuza za madera otetezedwa, linapeza kuti vuto lofala kuposa onse linali mazenera ndi zitseko zosayenera, ndipo linakhudza madera 83 mwa 100 alionse. Pulasitiki ilibe mphamvu ya mtengo, choncho felemu yake imayenera kukhala yonenepa. Timitanda take ndi tonamizira, tomatidwa pamwamba pa galasi limodzi lalikulu kapena totsekeredwa pakati pa magalasi awiri. Ndipo ambiri mwa mazenerawa amatsekuka mopendekera kunja m'malo motsetsereka. Nyumba imodzi ikasintha, diso limapirira. Zikasintha khumi mumsewu wa nyumba makumi awiri zomangidwa mofanana, msewuwo umaoneka ngati kamwa la munthu woguluka mano.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Magalasi awiri ophatikiza amadalira chomatira cha m'mphepete. Chikafooka, chinyontho chimalowa pakati, galasi nkuchita chifunga chimene palibe nsanza ingachipukute. Felemu ya pulasitiki ikasweka kapena kupindika, kawirikawiri mankhwala ake ndi kuitaya yonse. Pamene zenera limene linazulidwa lija mwina linali litatumikira zaka 150 kapena 200. Matabwa ake ambiri anachokera m'nkhalango za kumpoto kwa Ulaya, m'mbali mwa nyanja ya Baltic, kumene mitengo ya paini inkakula pang'onopang'ono chifukwa cha kuzizira, nikhala yolimba kuposa paini wolimidwa mofulumira wa masiku ano. Anthu anataya chuma naika chinthu chimene ana awo adzachisinthenso.

Komabe tisafulumire kuweruza mwini nyumba, pakuti dandaulo lake ndi lenileni. Ife amene timadandaula ndi chisanu cha mu June ku Dedza kapena ku Mzuzu sitidziwa chimene chimatanthauza kukhala miyezi isanu m'nyumba imene madzi amaundana pagalasi usiku. Zenera la galasi limodzi, lokhala ndi mipata m'mbali, limataya kutentha kumene munthu wagula ndi ndalama. Mu 2022 mitengo ya gasi ndi magetsi inakwera koopsa ku Britain nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, ndipo nkhalamba zambiri zinayenera kusankha pakati pa kutenthetsa nyumba ndi kugula chakudya chokwanira. Si onse okhala m'nyumba za m'kaundula amene ali olemera. Kuwonjezera apo, mu 2019 dzikolo linadzimanga ndi lamulo lakuti pofika 2050 likhale litathetsa gawo lake la mpweya wotenthetsa dziko, ndipo zimenezi sizingatheke nyumba zakale zikapitiriza kutaya kutentha. Munthu akauzidwa ndi ofesi ina ya boma kuti asunge mphamvu, nauzidwa ndi ofesi inzake kuti asakhudze zenera lake, ali ndi chifukwa chokwiyira.

Tsono munthu wotere ayambire pati? Ambiri amayambira kolakwika. Amatsegula mabuku a amalonda kapena intaneti, napeza zenera lolembedwa kuti ndi loyenera nyumba zakale, nalipira chikole, kenaka nkupita ku khonsolo. Koma palibe zenera padziko limene linavomerezedwa kale kuti likhoza kulowa m'nyumba iliyonse yotetezedwa. Mawu okometsera a wamalonda si chilolezo. Khonsolo siweruza dzina la kampani. Imaweruza zenera ili pa khoma ili. Limene lavomerezedwa pa nyumba ya nambala 12 likhoza kukanidwa pa nambala 14, ngati mbiri ya nyumba ziwirizo ndi yosiyana.

Funso loyamba la mkulu woona za nyumba zakale ku khonsolo silikhala lakuti mukufuna kugula zenera lotani. Limakhala lakuti, kodi lomwe lilipoli lafadi? Ndipo nthawi zambiri yankho ndi lakuti ayi. Zenera la matabwa silimawola lonse nthawi imodzi. Limawola kumene madzi amaima: thabwa la pansi limene mvula imagwerapo, ndi mapazi a matabwa a m'mbali. Mmisiri wodziwa amadula powolapo, nalumikiza thabwa latsopano la mtundu wolingana; amasintha zingwe zoduka, amachotsa penti yaunjikana imene imamanga zenera kuti lisayende, nabwezeretsa phala lomatira galasi, limene limapangidwa ndi choko ndi mafuta a mbewu ya linseed. Kukonza kotere, kosasintha maonekedwe, kawirikawiri sikufuna chilolezo, ngakhale kuti wanzeru amayamba wafunsa ndithu.

Nanga chisanu? Kutentha kochuluka kumathawira m'mipata, osati m'galasi lokha, ndipo timaburashi tating'ono tobisika m'mphepete timatseka mipatayo osaoneka. Nyumba zambiri zakale zili ndi zitseko zamatabwa za m'kati zotsekera zenera usiku, zimene mibadwo ina inazikhomerera ndi misomali kapena kuzimata ndi penti; kuzimasula kokha ndi phindu. Pamwamba pa zonsezi pali njira yoika zenera lachiwiri lopyapyala m'kati mwa chipinda, kuseri kwa lakale, losaoneka kwa munthu wodutsa mumsewu, limenenso likhoza kuchotsedwa tsiku lina popanda kusiya bala. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Glasgow Caledonian, amene English Heritage inafalitsa mu 2009, anasonyeza kuti njira imeneyi imachepetsa kutentha kothawira pa zenera ndi kupitirira theka. Imachepetsanso phokoso la mumsewu. Amalonda salankhula zambiri za njira zimenezi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: wogulitsa mazenera sapindula ndi zenera losagulidwa.

Pali ena amene amafuna magalasi awiri m'felemu yakale yomweyo. Apa vuto ndi la masamu. Galasi lakale ndi lochindikala mamilimita awiri kapena atatu, pamene magalasi awiri ophatikiza a masiku onse amafika mamilimita 24 mpaka 28. Kamtanda kopyapyala sikangawanyamule. Opanga anatulutsa ena ochepa thupi, a mamilimita pafupifupi 12, koma popeza chomatira chawo cha m'mphepete chimayenera kuchepetsedwa kuti chibisike kuseri kwa phala, ena mwa iwo achita chifunga msanga. Palinso mtundu wina umene unayambira pa yunivesite ya Sydney ku Australia, nuyamba kugulitsidwa ku Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990: magalasi awiri otalikirana mpata wochepa kuposa theka la milimita, mpweya wonse utapopedwamo, ndipo timadontho tating'ono kwambiri timawaletsa kukhudzana. Onse pamodzi kawirikawiri amakhala a mamilimita pafupifupi 8 kapena kucheperapo, koma mtengo wake ndi wokwera. Ndipo kumbukirani zitsulo zija za m'kabokosi: galasi likalemera, nazonso ziyenera kulemera, mwinanso kusinthidwa ndi za mtovu kuti zikwane m'malo omwewo. Palibe chimene chimasintha chokha.

Zikatsimikizika kuti zenera lafadi, apo m'pamene pamabwera nkhani yopanga latsopano, ndipo mawu oyenera ndi kupanga, osati kugula. Khonsolo imafuna zojambula zosonyeza zenera lakale ndi latsopano, ndi miyeso ya kamtanda kalikonse mmene kangaonekere katadulidwa pakati. Imayang'ana ngati timitanda tili tenitheni, togawadi galasi. Ngati zenera likutsekuka monga linkachitira lakale. Ngati lalowa m'khoma mofanana. Ngati tinyanga tilipo kapena palibe motsata zaka za nyumbayo. Ndipo si nthawi zonse pamene yankho limakhala mtengo. Nyumba zambiri za m'ma 1920 ndi 1930 zinamangidwa ndi mazenera achitsulo, monga a kampani ya Crittall ya ku Essex, ndipo pamenepo choyenera ndi chitsulo chopyapyala, osati thabwa. Kupempha chilolezochi n'kwaulere ku England, ndipo khonsolo imayenera kuyankha m'milungu isanu ndi itatu. Koma zojambula zimalipiridwa, ndipo zenera lopangidwa pamanja limadya ndalama zochuluka kuposa la pulasitiki.

Mpaka pano ndaikira kumbuyo lamulo. Tsopano ndinene kumene likundikhumudwitsa.

Choyamba, mayankho a makhonsolo akhala osiyanasiyana. Chimene chaloledwa m'boma lina chimakanidwa m'boma loyandikana nalo, ndipo munthu sadziwa chimene adzauzidwe kufikira atawononga ndalama. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti akatswiri a nyumba zakale m'makhonsolo a ku England anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa 2006 ndi 2018, chifukwa cha kudulidwa kwa ndalama. Munthu mmodzi wosenza mafaelo mazanamazana alibe nthawi yokwera makwerero kukagogoda thabwa. Chapafupi kwa iye ndi kukana. Ena anafika pokaniza magalasi awiri ngakhale pamene zenera lochotsedwalo linali la m'ma 1970, lopanda mbiri iliyonse. Kumeneko si kuteteza mbiri, koma kuteteza chizolowezi. N'zolimbikitsa kuti malangizo amene Historic England inatulutsa mu 2024 anamveketsa kuti zenera losawonjezera kanthu pa mbiri ya nyumba likhoza kulowedwa m'malo ndi la magalasi awiri, bola likhale la maonekedwe oyenera. Khonsolo ya Kensington and Chelsea mu London inachitanso chanzeru mu 2023, pamene inapereka chilolezo chimodzi cha onse pa ntchito zina za mazenera m'nyumba zambiri za Grade II, kuti munthu wotsata miyeso yolembedwa asadikire pamzere. Malangizo omveka, olembedwa pasadakhale, amateteza nyumba kuposa mantha.

Ndiponso oteteza asamayankhule ngati kuti funso lakuti zenera lenileni ndi liti lili ndi yankho limodzi. Mumzinda wa Bath muli mzere wotchuka wa nyumba 30 wotchedwa Royal Crescent, womangidwa pakati pa 1767 ndi 1774 motsogozedwa ndi John Wood wamng'ono. M'zaka za m'ma 1800 eni ake ambiri anatalikitsa mazenera chotsika, nachotsa timitanda kuti aike magalasi akuluakulu. Nyumba ya nambala 1, imene tsopano ndi yosungiramo zakale, inabwezeretsedwa monga inalili pachiyambi. Nanga zinazo? Kusintha kwa m'ma 1800 kuja nakonso tsopano ndi mbiri. Chimene m'badwo wina unachitcha kuwononga, m'badwo wina ukuchiteteza ndi lamulo. Zimenezi sizitanthauza kuti chilichonse chiloledwe. Zikutanthauza kuti woweruza akhale wodzichepetsa.

Chachiwiri ndi msonkho. Ku Britain kumanga nyumba yatsopano yogonamo sikulipiritsidwa msonkho wa VAT, koma kukonza yakale kumalipiritsidwa 20 pa 100 iliyonse. Ndipo mu 2012 boma linachotsa chifundo chimene linkachitira ntchito zosintha zovomerezedwa pa nyumba za m'kaundula. Dzanja lina la boma likuti sunga, linzake likulanga wosungayo. Ngati nyumba yatetezedwa kaamba ka mtundu wonse, si chilungamo kuti katundu yense asenzedwe ndi munthu mmodzi amene wagonamo.

Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi mmisiri. Khonsolo ikhoza kulemba kuti konzani, musasinthe. Koma ngati m'dera lonselo mulibe kalipentala wodziwa kumasula zenera la sash osaswa galasi, mawuwo ndi mphepo. Mwini nyumba akaitana anthu atatu, onse nanena kuti zenerali lafa, adzakhulupirira, osadziwa kuti onse atatuwo anaphunzira kuzula ndi kuika, koma sanaphunzire kulumikiza. Kuyambira 1877, pamene William Morris ndi anzake anakhazikitsa bungwe loteteza nyumba zakale lotchedwa SPAB, chiphunzitso chakhala chomwecho: kusamala nyumba tsiku ndi tsiku kuti isafike pofuna kumangidwanso. Koma chiphunzitso sichigwira sowo. Luso lotere limaphunziridwa zaka zambiri pambali pa munthu wamkulu, ndipo m'badwo umodzi wokha ukalumphidwa, limatayika. Dziko lofuna kusunga mazenera ake liyenera kuyamba lasunga anthu owadziwa.

Apa m'pamene nkhaniyi yatifikira ife. Nafenso tili ndi nyumba zotetezedwa ndi lamulo. Mu Blantyre muli nyumba ya Mandala, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, ndi manja a anthu a kuno amene anaphunzira ntchitoyo ali pantchito pomwepo. Kupatula zotchukazi, pa mamishoni ndi pa maboma ambiri pali makalasi, zipatala ndi nyumba za aphunzitsi zimene agogo athu anamanga. Mdani wa mazenera athu si chisanu ayi, koma chiswe, mvula, mbala ndi mpira wa ana. Koma chiyeso n'chomwecho. Galasi likasweka timatseka ndi katoni. Felemu ikawola timaizula, tiikepo yachitsulo yowotcherera kumsika, kapena titseke ndi njerwa zamabowo. Palibe amene amafuna kuwononga. Aliyense akungothetsa vuto la tsiku limenelo.

Ndipo ifenso tili ndi vuto la matabwa, loposa la Angerezi. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene chiswe sichiudya, unkakondedwa kwambiri pa ntchito zomanga. Unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma pofika 2017 ofufuza anapeza mitengo yake ikuluikulu yosakwana 10 paphiri lonse. Mbande zikubzalidwa, koma mtengo wotere sukula m'zaka za ulamuliro wa mphunzitsi wamkulu mmodzi. Ndiye kuti thabwa lililonse la mkungudza limene lili m'felemu yakale ndi chinthu chosagulikanso. Wolizula naliponya pamoto wophikira phala la ana watentha chuma chimene sangachibweze.

Kwa inu amene mwangomaliza sukulu, amene mwina mumaona ukalipentala ngati ntchito ya munthu amene mayeso anamukana, taganizirani zimene tafotokozazi. Wokonza zenera lakale ayenera kudziwa mbiri kuti azindikire zaka zake, masamu kuti alinganize kulemera, sayansi kuti amvetse mmene madzi amayendera m'thabwa, ndi kujambula kuti akhutiritse ofesi. Pamene Robert Laws anasamutsira sukulu yake ku Khondowe mu 1894, ukalipentala ndi umisiri wa zomangamanga zinaphunzitsidwa pamodzi ndi za m'mabuku. Makoleji a ntchito zamanja a Soche, Namitete, Nasawa ndi Livingstonia akuphunzitsabe achinyamata kupanga zatsopano. Ndikadakonda kuti aziwaphunzitsanso kuchiritsa zakale.

Kwa inu aphunzitsi, pempho langa ndi laling'ono, losafuna ndalama. Ngati pasukulu panu pali chipinda chakale chimene komiti ikufuna kuchisintha mazenera, musanalole nyundo kugwira ntchito, tengani ana a kalasi lalikulu, rula ndi pensulo. Ayeze zeneralo m'litali ndi m'lifupi, awerenge timagalasi, ajambule mfundo za pangodya, anunkhize thabwa pamene penti yasupuka, pakuti mkungudza sutaya fungo lake. Kenaka mutenge msomali, mubaye pang'onopang'ono kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo ana alembe pamene msomaliwo waleka kulowa. Pepala limenelo mukapereke kwa kalipentala wamkulu kuposa onse m'mudzimo, mumufunse ngati angathe kulumikiza.